Thumba la feteleza lipite kumunda, osati kunkhalango

Ku Finland ndi ku Sweden kuli mkangano woti mlimi wa kuno kwathu ataumva angayambe waseka kaye. Akuluakulu a boma, eni makampani a matabwa ndi akatswiri a zanyengo akulimbana pa nkhani yoti achulukitse feteleza amene amathira m'nkhalango kapena ayi. Inde, m'nkhalango, pansi pa mitengo ya paini yaitali kale, ndipo malo ena amachita kumwaza ndi helikoputa. Chomwe chinautsa mapiri pachigwa ndi ziwerengero zomwe boma la Finland linatulutsa mu 2022. Zinaonetsa kuti m'chaka cha 2021 nkhalango, madambo ndi minda ya dzikolo, powerengera zonse pamodzi, zinatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa umene zinayamwa. Chonsecho dzikolo linalonjeza kuti pofika 2035 mpweya umene limatulutsa udzakhala wofanana ndi umene limayamwa, ndipo linkadalira nkhalango zomwezo. Tsono mwa njira zomwe boma linalemba pofuna kubwezera zinthu m'chimake muli kuthira feteleza ndi phulusa m'nkhalango, kuti mitengo ikule msanga n'kumeza kaboni wambiri.

Mbali yanga pa mkanganowu ndi yoti feteleza si njira yodalirika yosungira kaboni m'nkhalango, ndipo ife tisadzalole kuti wina atiwerengere matani a kaboni chifukwa choti wathira feteleza pansi pa mitengo. Sindikukana kuti mtengo wothiridwa feteleza umakula msanga. Aliyense amene anaikapo chitsekerero cha botolo chodzadza feteleza pambali pa mbande ya bulugamu amadziwa zimenezo. Chomwe ndikukana ndi masamu oyang'ana thunthu lokha n'kuiwala zochitika pansi. Feteleza amasintha kayendedwe ka kaboni pakati pa masamba, mizu, bowa ndi tizilombo ta m'nthaka, ndipo kusinthako sikulowera kumodzi: m'dothi lozizira la ku Sweden kumapita uku, m'dothi lofiira la kumayiko otentha kumatha kupita kwina. Ndikutinso thumba lomwelo likapita m'munda wa chimanga limateteza kaboni wa m'nkhalango kuposa likanathiridwa m'nkhalangomo.

Wina afunsa kuti za azungu a kumpoto zikutikhudza pati. Zikutikhudza pa ndalama. Mu 2023 boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya malonda a kaboni, ndipo kale mu 2016 tinalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga ndi nkhalango zowonongeka pofika 2030. Pa malonda amenewa chogulitsidwa ndi tani ya mpweya yomwe akuti yasungidwa, ndiye njira iliyonse yolonjeza matani ambiri pa hekitala m'zaka zochepa siisowa woilankhulira. Zoyesedwa ku Ulaya zimafika kuno zitalembedwa bwino m'mabuku, zili ndi ziwerengero zake, ndipo kawirikawiri timazilandira osafunsa kuti anaziyesa pa dothi lotani.

Kuti timvane, tiyambe ndi ulendo wa kaboniyo. Masamba amakoka mpweya wa carbon dioxide m'mlengalenga n'kupanga shuga mothandizidwa ndi dzuwa. Wina mwa shugayo amamanga thunthu, nthambi ndi masamba atsopano, koma gawo lalikulu limatsikira pansi. Limakadyetsa mizu, ndipo kudzera m'mizumo limakadyetsa bowa amene ulusi wake woyera umakuta nsonga za timizu n'kuyanga m'dothi. Bowa amene timazula ndi chipatso chabe, mwini wake ali pansi. Pakati pa mtengo ndi bowa pali ganyu: bowa amalowa m'timing'alu momwe muzu sungafike, amatolera nayitrojeni, fosiforasi ndi madzi n'kupereka ku mtengo, mtengo n'kumulipira shuga. Mizu ikafa, ulusi wa bowa ukafa, masamba akayoyoka, tizilombo ta m'nthaka timadya zonsezo. Kaboni wambiri amabwerera kumwamba ngati mpweya, zomwe akatswiri amazitcha kupuma kwa nthaka, koma wina amamatirira ku dongo n'kukhala momwemo zaka makumi kapena mazana. Wotsala ameneyu ndiye timakanganirana, ndipo si wochepa: padziko lonse nthaka yasunga kaboni woposa wa m'mlengalenga ndi wa m'zomera zonse kuphatikiza pamodzi.

Kukula kwa malipiro a ganyuyu anakuonetsa ndi katswiri wina wa ku Sweden, Peter Högberg, pamodzi ndi anzake. M'nkhalango ya paini kumpoto kwa dzikolo anasenda khungwa kuzungulira thunthu la mtengo uliwonse pa malo oyeserapo, monga amachitira munthu wofuna kuumitsa mtengo uli chiimire. Masamba anakhalabe obiriwira, madzi ankakwerabe, koma shuga analeka kutsika. Zomwe anafalitsa mu 2001 ndi zoti pasanathe miyezi iwiri mpweya wotuluka m'nthaka unatsika ndi theka n'kupitirirako pang'ono, ndipo bowa uja wodalira mizu anangotsala pang'ono kusowerathu. Kutanthauza kuti theka la moyo wa m'nthaka limadya zongochokera kumene ku masamba. Pambuyo pake akatswiri a komweko anayesa china: anathira nayitrojeni n'kutsata kaboni wochokera m'masamba. Patapita chaka, shuga wofika kwa bowa ndi tizilombo tina ta m'nthaka anali atachepa ndi kupitirira theka. Mtengo ukapeza nayitrojeni waulere umachotsa aganyu.

Högberg yemweyu, m'zaka za m'ma 1980, anafukulapo mizu ya mitengo ya miombo ku Tanzania ndi ku Zambia, ndipo anapeza kuti ganyu wa mtundu womwewu ndiye umagwiriziza nkhalango zathu. Mombo, tsamba ndi mtondo ndi abale a nyemba, koma mizu yake ilibe timibulu tokoka nayitrojeni m'mpweya monga zilili ndi soya kapena nandolo. Imadalira bowa. Msuku nawo chimodzimodzi. Manyame ndi ndelema zomwe amayi amaika m'mbale m'mphepete mwa msewu ku Machinga kapena ku Perekezi mvula ikakhazikika ndi zipatso za ganyu ameneyu, n'chifukwa chake simuzipeza pamalo pomwe nkhalango inagwetsedwa. Ndipo m'miombo chuma chambiri chili pansi. Ku Nhambita, pafupi ndi Gorongosa m'dziko la Mozambique, akatswiri a yunivesite ya Edinburgh anapeza kuti pa matani 110 a kaboni pa hekitala, pafupifupi 76 anali m'nthaka ya masentimita 50 oyambirira, pomwe mathunthu anali ndi matani ongopitirira 20 pang'ono.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zamasewera. Yoyamba ndi yoti mitengo imakuladi, ndipo izi zinayezedwa. Ku Sweden amathira makilogalamu 150 a nayitrojeni pa hekitala kamodzi, kawirikawiri kutatsala zaka pafupifupi 10 kuti adule, ndipo amapeza matabwa owonjezera pafupifupi makyubiki mita 15. Ku Flakaliden, komwe Sune Linder anayamba mu 1987 kudyetsa mitengo ya spruce, mbale wake wa paini, chakudya chonse chomwe inkafuna, makulidwe anawirikiza kangapo. M'nkhalango za kumpotoko chomwe chimasowa kwambiri ndi nayitrojeni, osati madzi, ndiye mukamupereka mtengo umayankha. Apa palibe chokana. Koma pali mafunso awiri omwe masamu a thunthu sayankha. Loyamba: kaboni wowonjezerayu wachokera kuti? Wina ndi watsopanodi, popeza masamba achuluka, koma wina ndi yemwe uja akanatsikira kwa mizu ndi bowa. Wangosintha njira, m'malo mopita pansi wakhala kumwamba. Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu: akupita kuti? Mtengo wothiridwa feteleza n'cholinga choti udulidwe pakatha zaka 10 sunasunge kanthu kwa nthawi yaitali. Gawo lochepa lokha la mitengo yodulidwa ku Sweden ndi ku Finland limasanduka matabwa omangira okhalitsa. Lambiri limapita ku mapepala, ku makatoni, ndi kukawotchedwa potenthetsa nyumba ndi popanga magetsi, ndipo kaboni wake amabwerera m'mlengalenga m'zaka zochepa. Ena amayankha kuti thabwa limalowa m'malo mwa simenti ndipo nkhuni zimalowa m'malo mwa malasha. Chabwino, koma imeneyo ndi nkhani ya malonda a matabwa ndi magetsi, ikawerengedwe kumeneko. Isalembedwe ngati kaboni wosungidwa m'nkhalango.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndi yokhudza nthaka yeniyeniyo. Amati nayitrojeni sakulitsa mitengo yokha, amachepetsanso mpweya wotuluka m'nthaka. Mu 2010 Ivan Janssens wa ku Antwerp ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za malo ambiri oyeserapo, makamaka a kumayiko ozizira, ndipo anapeza kuti komwe nayitrojeni wawonjezedwa zinyalala zimavunda pang'onopang'ono ndipo nthaka imapuma mochepa. Ku Harvard Forest, m'boma la Massachusetts ku America, akhala akuthira nayitrojeni chaka ndi chaka kuyambira 1988, ndipo kaboni wa m'nthaka anawonjezerekadi. Ndiye otsutsa amati mukufunanji china, popeza kumwamba kwawonjezereka ndipo pansi kwawonjezerekanso?

Yankho langa lili pa momwe kaboniyo anawonjezerekera. Sikuti m'nthaka munalowa chakudya chochuluka. Chomwe chinachitika n'chakuti odya anachepa. Bowa amene amatha kuphwanya gawo lolimba la nkhuni ndi masamba anafooka, ndiye zinyalala zosavunda bwino zinayamba kuunjikana, makamaka pamwamba. Kaboni wotere sanamatirire ku dongo kuti akhale zaka mazana, wangoima panjira. Ali pamalo pomwe moto umayambira kunyambita, pomwe makina odula mitengo amaponda, pomwe amapalasa dothi pokonzekera kubzala mbande zatsopano monga amachitira ku Sweden akagwetsa nkhalango. Komanso nkhani ya ku Harvard Forest ili ndi mbali ina yomwe siitchulidwa kawirikawiri. Pa malo pomwe ankathira makilogalamu 150 pa hekitala chaka chilichonse, mitengo ya paini inayamba kufa, ndipo pomatha zaka 15 yoposa theka inali itauma. N'zoona kuti mlingo umenewo ndi wonyanyira, palibe mwini nkhalango wanzeru angathire chotero chaka ndi chaka. Komabe ukutiphunzitsa kuti pali malire, ndipo kuti nthaka imatha kuoneka ngati yalemera pa pepala nthawi yomweyo imene nkhalango ikudwala. Ngakhale pa mlingo wamba wa ku Sweden, ndere zoyera zomera pansi zimachepa udzu n'kuchuluka, ndipo ndere zimenezo ndizo chakudya cha m'nyengo yozizira cha reindeer, nyama zomwe anthu a mtundu wa Sámi amaweta. N'chifukwa chake malangizo a komweko amaletsa kuthira pamalo a ndere zambiri, ndiponso kummwera chakumadzulo kwa dzikolo komwe mvula imagwetsa kale nayitrojeni wochuluka wochokera mu utsi ndi m'makola.

Tiyerekeze kuti zinyalala zoterezi zaunjikana kuno. Kodi zingagone zaka zingati? M'miombo moto umadutsa pafupifupi chaka chilichonse, wa osaka mbewa, wa otentha makala, wa okonza minda, ndipo wa mu Seputembala ndi Okutobala susiya tsamba pansi. Ku Chikangawa, komwe kunabzalidwa paini pa mahekitala oposa 50,000, aliyense akudziwa zomwe moto wachita. Njira yosungira kaboni yodalira kuti masamba ouma akhale pamwamba pa dothi osapsa ndi ya dziko lomwe chipale chimagona pansi theka la chaka. Kuwonjezera apo, m'nkhalango yotseguka ngati miombo woyamba kudya feteleza ndi udzu, popeza mizu yake ili pamwamba ndipo umakula msanga. Udzu wautali ndi moto waukali, ndipo moto waukali umapha timitengo tomwe tikanalowa m'malo mwa ikuluikulu.

Mfundo yachitatu ya otsutsa ndi yoti zimenezi zinaonekanso kumalo ofunda, si ku Ulaya kokha. Amatchula Dinghushan, kummwera kwa China, komwe anayamba kuthira nayitrojeni m'nkhalango yakale mu 2003 ndipo patapita zaka zoposa 10 anapeza kaboni wa m'nthaka atawonjezereka, wina atamatirira ndithu ku dongo. Zimenezi n'zoona, ndipo ndikuzilemekeza. Koma pa malo omwewo dothi linawawasa kwambiri, mchere wofunika monga kashiamu unakokoloka, ndipo mitundu ya zomera za pansi inachepa. Tsono pitani ku Osa, m'dziko la Costa Rica, komwe Cory Cleveland ndi Alan Townsend anathira fosiforasi m'nkhalango ya mvula yambiri. Zomwe anafalitsa mu 2006 ndi zosiyana kotheratu: nthaka inayamba kutulutsa mpweya wochuluka, makamaka poyamba pa mvula. Chifukwa chake n'chosavuta. M'dothi lakale lofiira chomwe chimasowa kwambiri ndi fosiforasi, ndipo amene amamusowa si mitengo yokha, ndi tizilombo tomwe. Mukamupereka, tizilomboto timadzuka n'kudya kaboni yemwe tinkamulephera. Feteleza wathu wokulitsa ali ndi nayitrojeni ndi fosiforasi m'thumba limodzi, ndipo madothi ambiri a miombo ndi akale, okokoloka mchere, owawasa kale. Ndiye amene anganene motsimikiza kuti feteleza awonjezera kaboni m'nthaka ya ku Dzalanyama potengera za ku Sweden kapena ku China akungolosera. Malo awiri ofunda apereka mayankho awiri otsutsana, ndipo mwa awiriwo palibe lomwe lili ndi chilimwe cha miyezi isanu ndi umodzi chotsatana ndi moto.

Palinso ngongole yomwe feteleza amabwera nayo asanafike n'komwe pa mtengo. Nayitrojeni wa m'thumba amapangidwa m'mafakitale owotcha gasi wapansi panthaka, kenako amakwera sitima mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kukwera malole. Akathiridwa, wina amasanduka nitrous oxide, mpweya womwe mphamvu yake yotenthetsa dziko pa zaka 100 imaposa ya carbon dioxide ka 273. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC limawerengera kuti pa makilogalamu 100 a nayitrojeni wothiridwa, pafupifupi imodzi imathawa mwa njira imeneyi. Otsutsa amati m'nkhalango za kumpoto yothawayo ndi yochepa kwambiri chifukwa mitengo yanjala imameza yonse, ndipo akachotsera ngongoleyi phindu limatsalabe. Pa dothi lawo ndikuvomereza. Koma ku Hawaii, Sharon Hall ndi Pamela Matson anaonetsa mu 1999 kuti nkhalango ya pa dothi lakale losowa fosiforasi imataya mpweya wa nayitrojeni wochuluka kwambiri ikathiridwa feteleza kuposa ya pa dothi latsopano losowa nayitrojeni. Dothi lofunda, lonyowa ndi mvula ya mu Januwale, ndi pomwe tizilombo topanga mpweya umenewu timasangalala.

Ena andifunsa kuti, ndiye ukuletsa eni minda ya mitengo kugwiritsa ntchito feteleza? Ayi. Munda wa paini kapena wa bulugamu ndi munda ngati wa fodya, mwini wake akufuna mapolo ndi matabwa, ndipo dothi likasowa china ayenera kulipatsa. Ku nkhalango ya Usutu m'dziko la Eswatini, komwe anabzala paini wa mtundu womwe uli ku Chikangawa, anaona kuti pa dothi lina makulidwe ankatsika akadula n'kubzalanso, ndipo atafufuza anapeza kuti vuto linali kuchepa kwa fosiforasi. Atathira, zinthu zinasintha. Umenewo ndi ulimi wabwino: kupeza chosowa n'kupereka chomwecho pa mlingo wake. Pamalo oguga kotheratu, pomwe palibe chomera, feteleza pang'ono pobzala angathandize mbande kugwira, ndipo mtengo wogwira umaposa dothi lopanda kanthu. Koma onani zomwe anthu a m'manazale a paini amachita kuyambira kale: amakatapa dothi pansi pa paini wamkulu n'kusakaniza ndi la m'machubu. Popanda dothi limenelo mbande zimachita chikasu n'kupinimbira ngakhale muzithirire bwanji, chifukwa chomwe zikusowa ndi bowa uja. Anthu amenewa amadziwa ndi manja awo kuti mtengo suima ndi mchere wokha. Chomwe ndikukana ine ndi kutenga ulimi wa matabwa n'kuuveka dzina loti kusunga kaboni, kenako kugulitsa dzinalo kwa kampani yakunja yomwe ipitirize kufukiza utsi wake poganiza kuti yalipira.

Tifike tsopano pa thumba lenilenilo. Urea ali ndi makilogalamu 46 a nayitrojeni pa 100 aliwonse, ndiye kuti mufike pa makilogalamu 150 a ku Sweden aja mufunika matumba asanu ndi limodzi ndi theka pa hekitala imodzi. Pansi pa AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yomwe inayamba mu 2020, banja linkagula motsika mtengo thumba limodzi lokulitsa ndi limodzi lobereketsa. Choncho hekitala imodzi ya nkhalango ingameze feteleza wobereketsa wa mabanja asanu ndi limodzi, m'dziko lomwe feteleza timagula ndi ndalama zakunja zomwe zimasowanso pogula mafuta ndi mankhwala. Wina anena kuti ndalama za kaboni ndi zina, za chimanga ndi zina, sizilandana. Ngakhale zitatero, funso likhalebe loti thumbalo lingateteze kaboni wambiri lili kuti. Kutayika kwakukulu kwa kaboni wa m'nthaka kuno kumachitika nkhalango ikasanduka munda. Kufupi ndi nkhalango ya Chimaliro ku Kasungu, kafukufuku wa Sarah Walker ndi Paul Desanker wa mu 2004 anapeza kuti dothi la m'minda linali ndi kaboni wochepa ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi la m'miombo. Ku Nhambita kuja anayeza minda yomwe inasiyidwa kuti igonere: pakatha zaka 20 mpaka 30 mathunthu anali atabwerera pafupifupi mwakale, koma kaboni wa m'nthaka sankaonetsa kuti akubwerera. Mitengo imaphukanso mwana asanakwatire, koma za pansi zikapita sizibwera m'badwo womwewo.

Ndipo n'chifukwa chiyani munthu amalowa ndi nkhwangwa m'mphepete mwa nkhalango kukatsegula mphanje? Nthawi zambiri n'chifukwa munda wakale waguga, chimanga chake sichifika Disembala. Mu 2020 Ryan Abman ndi Conor Carney anafalitsa kafukufuku wa ku Malawi konkuno woonetsa kuti madera omwe analandira feteleza wotsika mtengo wochuluka anakolola zambiri ndipo anagwetsa nkhalango mochepa. Sindikuti feteleza yekha angapulumutse Dzalanyama, pomwe makala akutuluka pa njinga m'mawa uliwonse kupita ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wina anaonetsa kuti thandizo lopita ku fodya limawonjezera kudula mitengo yomangira zigafa. Sindikutinso feteleza wa m'thumba amabwezeretsa yekha chonde ngati mapesi akuwotchedwa chaka ndi chaka. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, komwe anayamba kulima chimanga pamodzi ndi gliricidia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kaboni wa m'nthaka anakwera chifukwa cha masamba ndi mizu ya mitengoyo. Mfundo yanga ndi yoti hekitala ya miombo yomwe sinagwetsedwe yasunga matani makumi angapo omwe alipo kale, oyezeka, pomwe hekitala yothiridwa feteleza ikulonjeza matani ochepa omwe mwina abwera, mwina apsa.

Otsutsa otsala ndi aja amati tiyese kaye, tisakane chinthu tisanachione. Awa ndikugwirizana nawo kuposa momwe akuganizira. Tili ndi bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, tili ndi ophunzira za nkhalango ku Mzuzu ndi ku Bunda. Malo ochepa oyeserapo, m'miombo ndi m'paini, angatiphunzitse zambiri. Koma kuyesa n'kosiyana ndi kugulitsa. Kaboni wa m'nthaka amasintha pang'onopang'ono ndipo amasiyana kwambiri pamalo oyandikana, pafupi ndi chulu ndi kutali nacho, pansi pa mtengo ndi pabwalo, kotero kuti kusintha kwa matani awiri kapena atatu pa matani 76 kumabisala mosavuta. Akuluakulu anati kutsutsa galu n'kukumba. Amene akuti feteleza wake wawonjezera kaboni akumbe asanathire, akumbenso pakatha zaka 5 ndi 10, asalekere pa masentimita 30 omwe ambiri amalekera chifukwa mizu ya miombo imapita kutali, ndipo pambali pake pakhale malo ofanana osathiridwa kanthu. Achotsere mpweya wa ku fakitale, wa sitima ndi malole, ndi nitrous oxide woyezedwa pa dothi lomwelo m'nyengo ya mvula. Awerengenso mbale za bowa zomwe mudzi unkazula kale ndi zomwe ukuzula tsopano, popeza ku Netherlands ndi mayiko oyandikana nawo bowa wodalira mizu anachepa kwambiri nayitrojeni atachuluka m'nkhalango, ndipo kuno bowa ameneyo ndi ndiwo ndi ndalama za m'miyezi ya njala. Ndipo pangano lililonse linene poyera, mafumu asanadinde, kuti moto ukadutsa m'chaka chachisanu ndi chimodzi matani ogulitsidwawo n'kupita ndi utsi, wobweza ndalama ndani: kampani yomwe inabwera ndi feteleza, boma lomwe linavomereza, kapena komiti ya m'mudzi yomwe inauzidwa kuti izilondera.